Vaneti ya Adam Muwowo ndi Kabowo ka Singano

Ku Chama konse, vaneti yokhala ndi loko paboneti inali imodzi yokha, ndipo mwini wake anali Adam Muwowo. Sikanali kaloko ka pasutikesi ayi, chinali chiloko cha pageti chomangidwa ndi tcheni, moti vaneti ikamadumpha mabampu pamsewu wa ku Kambombo anthu ankaimva isanaoneke: ngwe ngwe ngwe! Kiyi wake ankamuvala m'khosi pachingwe, m'kati mwa malaya. Amayi a pamsika anamupatsa dzina loti a Chenjerani, ndipo linamukhala.

Munthuyu ankakayikira chilichonse chopuma. Akameta, tsitsi ankatola yekha n'kukaponya m'chimbudzi. Pamaliro ankafika, kulira ankalira, koma chakudya chikabwera m'mimba mwake munkapezeka kuti simuli bwino. Ukamupatsa chakumwa, uyambe walawa iwe, iye akuyang'ana pakhosi pako kuti wamezadi. Ukamupatsa moni wansangala, ankapita kwawo akudzifunsa kuti ameneyu wasekerera chiyani. Ukapanda kumupatsa moni, ndiye basi, wadziulula wekha. Abale inu, kukhala naye pafupi kunali kotopetsa!

Komatu sanabadwe choncho. Anabadwira ku Kambombo, ndipo amayi ake anamwalira iye akukwawa. Anamulera ndi mlongo wake wamkulu, Salome, amene iye ankamuitana kuti adumbu monga amachitira kwawoko. Salome anabereka Adam kumsana iye mwini akadali kamtsikana. Atakula anayamba kugulitsa mchere pakhonde, wamiyala uja woyeza ndi kakapu, ndipo mchere umenewo ndi umene unagula yunifolomu ya Adam, n'kudzamukwezanso lole yopita ku Kopala kukafuna ntchito.

Kumigodi n'kumene mantha anamulowa. Pansi pa nthaka, podikira chikepe chowatulutsa, amuna ankakambirana za anzawo amene anapuma pantchito n'kubwerera kumudzi ndi malata ndi njinga, koma osadya chimanga cha chaka chachiwiri. Uyu anatupa miyendo, uyu anagwa m'munda, uyu anangogona osadzuka. Nkhani iliyonse inkathera pamodzimodzi, kuti anamudya ndi abale ake. Adam anazimva zimenezi zaka zambiri mpaka zinakhazikika.

M'zaka zija za m'ma 1990, migodi itayamba kuchotsa anthu mwaunyinji, dzina lake nalo linatuluka. Anagula vaneti yoyera yogwirapo kale ntchito, anakweza mkazi wake Tryness, mwana wawo Mwiza ndi mipando, ulendo wa kwawo. Koma kumudzi sanakakhale. Anamanga pa boma pa Chama, n'kuyamba kunyamula mpunga wa anthu kuchoka ku Kambombo kupita nawo ku Lundazi.

Tsiku lotsanzikana ku Kopala, mnzake wa pamgodi, Jeremiah, anali atamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti mfiti imaopa mchere, choncho akafika akawaze pakhomo ndi m'makona a nyumba. Adam anawaza. Koma nanga motoka? Nyumba imakhala pamodzi, motoka imayenda, ndipo mchere wowaza pamwamba ungagwe pa bampu yoyamba. Nzeru inamubwerera yoti aziuthira m'kati, mu rediyeta, m'mene mumakhala madzi oziziritsa injini, kuti uzizungulira thupi lonse la motoka ngati magazi. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse wa ulendo ankatsegula chiloko chija, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuthiramo dzanja lodzaza. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake, poti ankati mankhwala ukawaulula amasukuluka.

Mcherewo ankatapa m'chitini cha kukhitchini. Tryness ankadabwa kuti chitini chikutha ngati m'nyumbamo akuwetamo ng'ombe. Anafufuzafufuza, mapeto ake anasiya kulankhula ndi Jenny, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankakonda kulowa m'khitchinimo kudzapala moto. Adam ankamumva mkazi wake akumunena Jenny kuti ndi wamanja aatali, iye phee, akudya.

Tsono vaneti ikaima ku Kambombo, Salome ankasiya malonda ake n'kubwera chothamanga, chidebe cha madzi a pachitsime kumutu, kampukutu ka mchere kumanja. Madziwo anali a motoka, mcherewo wopatsa alamu ake, a Tryness, waulere. Akatula, ankazungulira vaneti akuisisita, akuuza aliyense amene analipo kuti, "Onani motoka ya mwana wanga! Uyu ndinamubereka kumsana ine."

Akatero ankatunga madzi m'chikho n'kumupatsa Adam. Tsiku lina Adam anati, "Yambani mwalawa, adumbu." Salome anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ine ndikulawire iwe? Chakudya chako ndinkachita kukutafunira ndi m'kamwa mwangamu. Imwa apa, usandiseketse!" Adam anati ludzu lamuthera.

Madzi a m'chidebe ankathira ndithu mu rediyeta, poti kuchigwa kumatentha ndipo injini imamwa, koma ankadzilimbitsa mtima kuti mchere wake uli kale m'katimo. Kampukutu kaja ankapita nako kunyumba, poganiza kuti mchere wokha sulodzeka. Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi manja a mlongo wake. Bwanji manja amenewa sakhazikika? Bwanji munthu wamasiye, denga lake la udzu mpaka lero, akusangalala chonchi ndi chinthu cha wina? Ndipo pa duku la Salome pankakhala singano yosomeka, monga amachitira amayi ambiri osoka zigamba. Adam ankaiona ikung'anima padzuwa, mtima n'kumagunda thi thi thi.

Zinayamba mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Atangochoka ku Kambombo ndi matumba a mpunga, boneti inayamba kufuka nthunzi. Anaima, anatsegula, n'kuona madzi adzimbiri akutuluka m'mbali mwa injini, kamzere kowonda, tsiii. Anakafika pa boma mopempha madzi mudzi uliwonse.

Makanika wa pa boma anali Sunday Zimba, amene galaja yake inali mthunzi wa mango ndi thumba la masipanala. Sunday anasuzumira n'kunena kuti, "Amdala, ni welechi iyi." Mawelechi ndi tizitsulo tozungulira ngati tizivindikiro ta botolo, totseka mabowo a m'mbali mwa injini kuti madzi asatuluke. Anaika tchizulo m'mphepete mwa kodonthako, anamenya ndi hamala, iko n'kutembenuka, anakakoka ndi pulayasi. Sunday asanakayang'ane n'komwe, Adam anali atakatsomphola kale n'kukaika m'thumba. Iye ankati amakanika onse amaba zitsulo zakale n'kudzakugulitsanso atazipaka penti, ndiye ankawaima pamsana mpaka ntchito ithe.

"Manje amdala," anatero Sunday akupala bowolo ndi sandipepa, "imodzi ikaboola, zinzake nazo zimakhala pafupi. Tiyeni tiitanitse zonse ku Chipata, tisinthe kamodzi."

"Ukuona ngati ndabwera dzulo ine? Yadontha imodzi, sintha imodzi."

"Motoka ni yanu," anatero Sunday. Anapaka shelaki, guluu wotseka mipata, pa welechi yatsopano n'kuikhomera.

Atafika kunyumba, Adam anatulutsa kachitsulo kaja n'kukalozetsa kudzuwa. Kumbuyo kwake kunali dzimbiri ndi zoyerayera, koma zimenezo sanazilabadire. Chimene anaona ndi kumaso kwake. Kunali kosalala bwinobwino, kupatula pakati pamene panali kabowo kamodzi, kakang'ono, koti ulusi wokha ndi umene ungalowe. Kuwala kunadutsa pamenepo n'kumulasa m'diso. Kabowo ka singano! Boneti ili ndi loko, kiyi ali m'khosi mwake, munthu wamba akanalowetsa bwanji dzanja? Thupi lonse linachita tsembwe, koma kunena zoona, pansi pamtima anamvanso kukoma. Zimene ankayembekezera zaka zonsezi zinali zitafika, ndipo iye sanali chitsiru.

Dzina sanatchule ayi, anali wochenjera. Anangokulunga kachitsuloko m'kampango n'kumayenda nako. Pachigayo, pamaliro, pokweza mpunga, ankakatulutsa n'kuuza munthu kuti asuzumire. Munthu uja akati, "Ah, ngati pa singano," iye ankatsitsa mawu n'kufunsa, "Kodi kwathu ku Kambombo ndani amayenda ndi singano kumutu?" Akatero ankakulunga kampango n'kumapita.

Tryness atamva anamukhalira pansi. "Atate ake Mwiza, opani Mulungu. Alamu anakulerani. Singano pa duku amayi anga omwe anali nayo."

"Amake Mwiza, za kwathu kuno suzidziwa iwe. Khala chete."

Ulendo wotsatira anakaimika vaneti kumapeto ena a mudzi. Salome anaimva ndi tcheni chake chija, anabwera chothamanga ndi chidebe monga mwa masiku onse. Atangotambasula dzanja, Adam anakuwa anthu onse akumva, "Adumbu, musakhudze motoka yanga!"

Salome anaima chilili, chidebe chili kumutu, madzi akumutsikira kumaso. "Adam, ndalakwa chiyani?"

Iye analiza injini n'kumusiya m'fumbi. Kuyambira tsiku limenelo ankathira manja awiri a mchere m'malo mwa limodzi.

Anthu akumudzi sanachedwe. Pakhonde pa Salome panayamba kuchita zii, ogula mchere akudutsa chapatali. Akafika pachitsime, amayi ankakumbukira kuti asiya mphika pamoto. Mwana wina atadwala malungo, panapezeka wokumbuka kuti amake anagula mchere pakhonde lomwe lija. Mkulu wina atagwa panjinga, panapezeka woti anaona Salome akumuyang'ana. Achibale anayamba kunong'onezana kuti mpunga ukangolowa m'nkhokwe aitane mchape wogwira mfiti, apo ayi mayiyo achoke. Salome analibe wom'yankhulira. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Doris, anakwatiwa kutali ku Chikwa.

Mvula inabwera, inapita, mpunga unacha. Pa ulendo wina wochokera ku Kambombo, vaneti inabwata zenizeni. Nthunzi inachita mbuu kutsogolo konse, madzi akutuluka uku ndi uku, injini n'kuzima yokha. Inachita kukokedwa ndi lole ya thonje mpaka pansi pa mango wa Sunday. Adam anatsika nkhope ili gwa, akuuza aliyense kuti, "Mwaona? Ndinamuletsa kukhudza, manje akutumiza chapatali."

Ulendo uno anavomera kuitanitsa mawelechi onse. Podikira basi ya ku Chipata, ankaswera pomwepo atakhala pa thayala, kulondera. Chakudya ankamubweretsera ndi Tryness, poti cha wina sakanadya. Tsiku limene katundu anafika, pansi pa mango panadzaza anthu, chifukwa ku Chama injini ikamatsegulidwa aliyense amakhala makanika. Sunday anatsitsa giyabokosi kuti afike pa welechi ya kumbuyo, kenako anatenga tchizulo ndi hamala.

Anangogogoda pang'ono pa welechi yoyamba, tchizulo n'kulowa yonse ngati walasa chigumu. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inangofumbutuka. Zinkagwa motsatizana moti Adam analephera kuzitola zonse, ndipo imodzi inatsala m'manja mwa Sunday. Anaitembenuza, anaiyang'ana kumbuyo, n'kukanda zoyerayera zija ndi chikhadabo. Anapita pakamwa pa rediyeta, anapisamo chala, n'kunyambita. Nkhope inakwinyika, analavula pansi.

"Mchere!"

Anthu anasendera pafupi.

"Amdala, izi zadyeka kuchokera m'kati. Mchere ukakhala m'madzi otentha umadya chitsulo pang'onopang'ono, kunja kukuoneka kwabwino. Pomaliza dzimbiri limatulukira kabowo kakang'ono ngati ka singano. Ngakhale yatsopano ija ndinakhoma ine yayamba kale. Pali munthu amathira mchere mu rediyeta iyi, ndipo sanayambe dzulo."

Kenako mayi wina anaomba m'manja. "Mayo ine! Wamchere uja! Si uja ankabwera ndi chidebe?"

"Ndi yemweyo! Ankasungunula m'madzi!"

"Mlongo wake weniweni, abale! Manje umboni wina ngwa chiyani?"

Adam anaona dzanja lake lomwe, m'mawa uliwonse, likutapa m'chitini. Anakweza maso n'kupeza Tryness ataima ndi mbale, akumuyang'ana osati kumaso, koma pachifuwa, pamene kiyi ankatukula malaya. Mkaziyo anasendera pafupi, anaika mbale pa thayala, n'kulankhula motsitsa kuti amve yekha.

"Atate ake Mwiza, ine ndinadana ndi Jenny chifukwa cha chitini chija. Ndipo mchere wa m'chitinimo ankatipatsa ndi alamu, waulere. Lankhulani."

Apa ndiye pondipsetsa mtima ine. Akanangotsegula pakamwa pomwepo, nkhani ikanafera pansi pa mango. Koma anayang'ana anthu onse aja amene anawasuzumiritsa pa kabowo, anaganiza za kuseka kwa amayi a pamsika, a Chenjerani kuwononga okha motoka yawo. Anangoti, "Sunday, pitiriza ntchito." Tryness anatola mbale yake chakudya chili momwemo n'kumapita. Madzulo asanafike, anthu apanjinga anali atanyamuka kale nayo nkhani kulowera ku Kambombo.

Ntchito inatenga masiku. Sunday anatsuka injini ndi madzi mobwerezabwereza mpaka anayamba kutuluka oyera. Anapala bowo lililonse, kupaka shelaki, kuika welechi, kusanjikapo soketi n'kukhoma mofatsa kuti ilowe molunjika. Adam anakhala pa thayala osaima pamsana pa munthu. Hamala ikalira, go go go, ankaona mlongo wake ataima ndi chidebe, madzi akumutsikira kumaso. Chakudya sichinkatsika. Kunyumba Tryness sankamulankhula, koma tsiku lina Adam anamuona akupita kwa Jenny atanyamula nkhuku.

Injini italira, sanadikire zokweza katundu. Anatapa mchere wotsala m'chitini, anauthira m'thumba la jekete, n'kuthamangitsa vaneti ku Kambombo.

Anapeza anthu ataima mozungulira bwalo la Salome, chapatali, manja kumbuyo. Thumba lake la mchere wina anali atalikhuthulira m'dothi. Chitseko chinali chotsegula, m'nyumba mopanda kanthu, ndipo Salome anali atakhala pakhonde pambali pa mtolo womanga m'chitenje. Anali atawonda. Pa duku panalibe singano.

Adam anaimika vaneti pakati pa bwalo, anavula kiyi m'khosi, anatsegula chiloko n'kukweza boneti. Kenako anakuwa.

"Tamverani nonse! Mchere ndinkathira ndine! Ine ndemwe, ndi dzanja ili, m'mawa uliwonse. Ndinkaopa kulodzedwa. Loko uyu kiyi wake ndi mmodzi, ndipo sanachokepo m'khosi mwanga. Adumbu sanalakwe kanthu. Onani!" Anatulutsa mchere m'thumba n'kuwaonetsa momwe ankathirira.

Anthu anayang'anizana. Mkulu wina wachibale anapukusa mutu mwachisoni. "Mwaona mphamvu zake? Wamutembenuza mutu. Manje mwana akudzinenera yekha."

"Eee, zimatero," anavomera mayi wina. "Munthu wanzeru zake, woti anagwira ntchito ku Kopala, angathire mchere mu motoka yake?"

"Ndinathira! Kafunseni mkazi wanga!"

"Nayenso amadya mchere womwewo."

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Analumbira, anatchula Jeremiah, anatchula chitini, anatulutsa kachitsulo ka m'kampango n'kukaponya pansi. Pamene ankalimbikira m'pamene anthu ankasunthira kumbuyo, akumuyang'ana mwachifundo. Iye mwini ndi amene anawaphunzitsa kayang'anidwe kameneko, ndipo anali ataphunzira bwino.

Anapita pakhonde n'kugwada. "Adumbu, ndakulakwirani."

"Ndamva, Adam."

"Musachoke. Ndikhala nanu pano mpaka amvetse."

"Pano pandikwana. Ndikupita kwa Doris."

"Ndiye kwerani, ndikakutuleni. Ku Chikwa n'kutali, adumbu. Motoka yakonzedwa, ili bwino manje."

Salome anaimirira pang'onopang'ono. Anaiyang'ana vaneti ija nthawi yaitali, manja atawabisa m'chitenje kuti angaikhudze mwangozi. Kenako anayang'ana mlongo wake.

"Manje ikakaima panjira ine ndili m'kati, udzati ndani?"

Salome anasenza mtolo n'kuyamba kuyenda, anthu akumupatukira. Adam anamuthamangira, anamulanda mtolo uja n'kuuika paphewa pake. Mayiyo sanakane. Vaneti inatsala pabwalo boneti ili yasa, chiloko chili m'dothi, ndipo mwini wake sanacheuke.

Anayenda choncho, Salome patsogolo, Adam pambuyo, dzuwa likuwawamba. Nsapato za m'tauni zinayamba kumuluma Adam, kukhosi kunauma gwa. Atafika pa mtsinje wina wouma, pamene anthu anafukula mchenga kuti apeze madzi, Salome anaima. Anamasula chikho pa mtolo, anagwada, anadikira madzi adikhe, n'kutunga. Anatembenuka kuti amupatse, ndipo Adam anatambasula manja onse awiri mwachangu.

Koma Salome anabweza chikho. Anayamba walawa kaye, anameza mooneka kuti iye aone pakhosi, kenako n'kumupatsa monga amapatsira mlendo.

Adam analandira chikho chija, anakhala pansi pamchenga, n'kuyamba kulira.